Manyuroni 86 Biliyoni Akudikira Ntchito

"Ine mutu wanga ndi wouma." "Masamu anandikana kalekale." "Zamakompyutazi n'za ana, ife yathu inatha." Mawu awa timawamva mu minibasi, pamsika, pasiwa, ngakhale m'kalasi mwenimwenimo. Timawanena uku tikuseka, anzathu n'kugwedeza mutu, nkhani n'kuthera pomwepo. Lero ayi. Lero tiutsegule mutu woumawo, tione zili m'katimo.

M'katimo muli ubongo wolemera pafupifupi makilogalamu 1.4. Ndi wofewa, ndi wonyowa, pouma palibe. Muli maselo otchedwa manyuroni okwana pafupifupi 86 biliyoni. Nambala imeneyi anthu anachita kuwerenga. Kwa zaka zambiri mabuku ankangoti 100 biliyoni, koma mayi wina wasayansi wa ku Brazil, Suzana Herculano-Houzel, atafufuza kuti anawerenga ndani, sanapeze yankho logwira mtima. Iye ndi anzake anatenga ubongo wa anthu omwalira, anausungunula mpaka kusanduka madzimadzi, n'kuwerenga maselo m'timadontho toyezedwa bwino. Mu 2009 anatulutsa yankho: 86 biliyoni. Dziko lonse lapansi lili ndi anthu opitirira pang'ono 8 biliyoni. Ndiye kuti m'mutu mwanu mokhamo muli manyuroni ochuluka kakhumi kuposa anthu onse amoyo. Muli nawo kale. Simunawagule. Simunawalipirire fizi. Palibe anakufunsani satifiketi kuti akupatseni.

Ndipo makina amenewa sadya zambiri. Amayendera mawati pafupifupi 20, kuchepera babu lakale lija la mawati 60. Mafuta ake ndi nsima, mbatata, nyemba, usipa. Magetsi akathima iwo sathima. Pa kulemera kwa thupi lanu ubongo umatenga magawo awiri okha pa 100, koma pa mphamvu imene thupi limadya mukakhala phee umatenga pafupifupi magawo 20. Thupi silingamwazire chakudya chonsecho chinthu chogona. Choncho zija amanena zoti munthu amagwiritsa ntchito 10 peresenti yokha ya ubongo wake, zitayeni. Ndi bodza. Wonse uli pantchito, usana ndi usiku. Nkhani ndi yakuti mwaupatsa ntchito yanji.

Tiyeni tiyandikire nyuroni imodzi. Ili ndi kathupi kosaoneka ndi maso. Mbali imodzi ili ndi nthambi zambirimbiri zolandirira mauthenga. Mbali inayo ili ndi chingwe chimodzi chotumizira. Zingwe zina n'zazifupi zedi, koma china chimachoka m'munsi mwa msana mpaka kuphazi, mita yathunthu. Nyuroni ikakhala chete imakhala yochajidwa kale. Kunja kwake kuli sodium wambiri, yemwe uja ali mumchere wa m'ndiwo, m'kati muli potassium, ndipo kusiyana kumeneku kumasunga mphamvu yamagetsi ya mamilivoti pafupifupi 70. Ndiye mauthenga amayamba kufika kuchokera kwa anzake masauzande. Ena akuti yaka. Ena akuti khala chete. Nyuroni imaphatikiza a "yaka", n'kuchotsera a "khala chete". Zotsalazo zikafika pamlingo, timakomo ta pakhungu lake timatseguka, sodium amakhamukira m'kati, nyuroni imathetheka. Kuthethekako kumatenga gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi, ndipo m'zingwe zaliwiro uthengawo umathamanga mamita opitirira 100 pa sekondi. Zikapanda kufika pamlingo, zii. Siithetheka pang'ono. Imathetheka kapena siithetheka. Uthenga ukakhala wamphamvu imangothetheka pafupipafupi.

Basi. Kuphatikiza, kuchotsera, kuyang'ana mlingo. Akatswiri akupeza kuti nthambi zija nazo zili ndi timasamu tawo, koma mutu wa nkhani ndi womwewo. Inu amene munati masamu anakukanani, manyuroni anu akuphatikiza ndi kuchotsera mphindi ino kuti muone zilembo izi.

Pali kanthu kamodzi koti tikagwiritse. Nyuroni imadontha. Ili ngati chidebe chobowoka pa mjigo. Mukapopa kamodzi n'kupita kocheza, pobwera mupeza chauma. Mukapopa, n'kupopanso, n'kupopanso madzi asanathe kudontha, chimadzaza. Ndipo woima patali saona kanthu. Chili pa theka, saona kanthu. Chatsala chala chimodzi, saonabe kanthu. Amadzaona pamene chasefukira, n'kumati ndi mwayi. Ambiri a ife tinasiya mjigo chitatsala chala chimodzi. Tinati palibe chikuchitika. Chinkachitika.

Zonsezi zinadziwika ndi thukuta. Nyama ya m'nyanja yamchere yotchedwa squid ili ndi chingwe cha nyuroni chonenepa mpaka pafupifupi milimita imodzi. Mu 1939, ku Plymouth ku England, anyamata awiri, Alan Hodgkin ndi Andrew Huxley, analowetsa kachubu kopyapyala m'chingwecho n'kuyeza magetsi ake. Patangopita masabata ochepa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse inabuka. Ntchito inaima zaka. Nkhondo itatha anabwerera pomwe anasiyira. Atafika pofuna kuwerengera masamu ake, kompyuta ya ku Cambridge inali yotseka, ikukonzedwa. Huxley sanapinde manja. Anatenga makina owerengera opukusa ndi dzanja, n'kupukusa masabata pafupifupi atatu kuti apeze mmene kuthetheka kumodzi kumayendera m'chingwe. Masabata atatu chifukwa cha chinthu chotenga kachigawo ka sekondi! Mu 1952 anasindikiza zimene anapeza, mu 1963 analandira mphoto ya Nobel, ndipo masamu awo akuphunzitsidwabe. Foni ili m'thumba mwanuyo ingamalize ntchito ya Huxley musanaphethire. Tinenenso kuti zipangizo tilibe?

Tsono ngati nyuroni imodzi ili yosavuta chonchi, nzeru zikuchokera kuti? Mutu umodzi susenza denga. Nyuroni imodzi sidziwa dzina lanu, sidziwa nyimbo, sidziwa njira ya kwanu. Nzeru zili pa kulumikizana. Ndipo amene anatitsegula maso pa zimenezi anali mwana amene akuluakulu anali atamugwetsera mphwayi.

Santiago Ramón y Cajal anabadwa mu 1852 m'kamudzi ka Petilla de Aragón, kumpoto kwa Spain. Anali mwana wovuta. Ali ndi zaka 11 anapanga kamzinga kake, n'kuphwanya nako geti ya neba, mpaka anakagona m'chitokosi. Sukulu ankangosinthidwasinthidwa. Mtima wake unali pa zojambula, bambo ake, amene anali dokotala, osafuna kumva. Atatopa naye anakamusiya kwa ometa tsitsi kuti aphunzire ntchito, kenako kwa osoka nsapato. Tangoganizani anthu akudutsa, akumuona akukhoma misomali m'zidendene za nsapato. Mukuganiza ankati chiyani za mutu wake?

Pambuyo pake bambo ake anayamba kumutenga kukatola mafupa kumanda akale kuti aziwajambula pophunzira thupi la munthu. Pamenepo dzanja lojambula linakumana ndi sayansi. Anaphunzira udokotala ku Zaragoza. Anapita ndi asilikali ku Cuba, anabwerako atatheratu ndi malungo. Ndi tindalama timene anasunga anagula maikulosikopu yakeyake. Mu 1887, ku Madrid, mnzake anamuonetsa njira yodetsera maselo a ubongo ndi mankhwala a siliva, imene Camillo Golgi wa ku Italy anatulukira mu 1873 m'khitchini ya chipatala. Inde, m'khitchini. Ubwino wa njirayo ndi wakuti imadetsa manyuroni ochepa okha, n'kuwaonetsa athunthu, nthambi ndi chingwe chomwe, enawo n'kuwasiya osaoneka. Golgi akayang'ana ankaona ukonde umodzi wopanda polekeza. Cajal anasintha kachitidwe. Anasiya kulimbana ndi ubongo wothinana wa nyama zazikulu, anatenga wa anapiye a m'mazira ndi tiana ta nyama, umene zingwe zake zinali zisanapiringizane. Anayang'ana. Anajambula. Anayang'ananso. Anajambulanso, zithunzi masauzande. Ndipo anaona zimene mwini njirayo sanaone: nyuroni iliyonse ili payokha. Imayandikira inzake, osaphatikana nayo.

Vuto linali lakuti ankalemba m'Chisipanishi, m'kamagazini kosindikiza ndi ndalama za m'thumba mwake, ndipo akatswiri a ku Germany sankamuwerenga. Sanakhale pansi kulira kuti akunyozedwa. Mu 1889 ananyamula maikulosikopu ndi timagalasi take, n'kudzilipirira ulendo wa ku Berlin kumsonkhano wa akatswiri. Anakokera patebulo pake Albert von Kölliker, mkulu wolemekezeka pa onsewo, kuti adzionere yekha. Kölliker anaona, anakhulupirira, anafalitsa dzina lake. Mu 1906 Cajal ndi Golgi anagawana mphoto ya Nobel, Golgi akutsutsabe pa nsanja pomwepo. M'zaka za m'ma 1950, Cajal atamwalira kale, maikulosikopu amphamvu oyendera maelekitironi anaonetsa kampata kaja pakati pa nyuroni ndi inzake. Wosoka nsapato uja ankanena zoona, ndipo zojambula zake zili m'mabuku a madokotala mpaka lero.

Pa kampata kameneko, abale anga, ndi pamene pagona nkhani. Amakatcha sinapusi. N'kochepa moti timipata totere masauzande tingakwane m'kunenepa kwa tsitsi limodzi. Magetsi akafika kumapeto kwa chingwe amatulutsa timankhwala, timankhwalato timawoloka kampata n'kukagogoda pa nthambi ya nyuroni yotsatira. Masinapusi m'mutu mwanu alipo pafupifupi 100 thiriliyoni, mwinanso kuposa. Ndipo sanawotcheredwe. Amasintha. Ena amalimba, ena amafooka, ena amamera, ena amafota. Donald Hebb wa ku Canada anaganiza mu 1949 kuti nyuroni ikamathandiza inzake kuthetheka mobwerezabwereza, kulumikizana kwawo kumalimba. Mu 1973 Tim Bliss ndi Terje Lømo, amene anagwira ntchito ndi akalulu ku Oslo, anaonetsa kuti zimachitikadi: njira imene yadutsitsa mauthenga ambiri motsatizana imakhalabe yamphamvu kwa maola ambiri pambuyo pake.

Mwamva? Zimene mumabwereza zimalimba. Zimene mumasiya zimafooka. Manyuroni munabadwa nawo, koma pa kulumikiza mawaya dzanja lanu lilipo tsiku lililonse.

Wasayansi wina, Eric Kandel, anafuna kuziona ndi maso, ndiye anasankha nkhono ya m'nyanja yotchedwa Aplysia, imene ili ndi manyuroni pafupifupi 20,000 okha, akuluakulu. Mukaikhudza imabweza chiwalo chake chopumira. Mukaikhudza kambirimbiri popanda choopsa, imazolowera n'kusiya. Tamverani tsopano. Itakhudzidwa maulendo 40 nthawi imodzi, kuzolowerako kunatha msanga. Itakhudzidwa maulendo 10 patsiku kwa masiku anayi, kunakhala masabata. Maulendo ndi 40 omwewo. Chasintha n'kagawidwe. Chikumbukiro chokhalitsa chimafuna kuti selo lipange mapuloteni atsopano ndi kusintha chiwerengero cha masinapusi ake, ndipo kumanga kumafuna nthawi. Ana asukulu, mwaimva nkhonoyo? Kuchezera usiku wonse miyendo ili m'beseni la madzi ozizira, pepala la MSCE lili mawa, kumadzaza mutu wa tsiku limodzi. Mphindi 30 lero. Mphindi 30 mawa. Mphindi 30 mkuja. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Nanga timasamu tating'onoti timasanduka bwanji kuona ndi kuzindikira? Mu 1958, ku Baltimore, David Hubel ndi Torsten Wiesel anaika kawaya kopyapyala pa nyuroni imodzi m'chigawo choonera cha ubongo wa mphaka, n'kukalumikiza ku sipika kuti azimva ikathetheka. Anamuonetsa mphakayo timadontho takuda ndi toyera pa timagalasi. Zii. Maola anadutsa. Zii. Kenako akulowetsa galasi lina m'makina, sipika inangoti tatatata! Chinaidzutsa sikanali kadontho. Unali mthunzi wa m'mphepete mwa galasilo, kamzere kopyapyala kodutsa mopendekeka. Nyuroni imeneyo inali ndi ntchito imodzi: mzere wopendekeka mwakuti, pamalo akuti. Yoyandikana nayo, mzere wopendekeka kuposa pamenepo. Ina, woimirira. Ina, wogona. Manyuroni a gawo lotsatira amaphatikiza mizere kukhala ngodya ndi zokhota. Otsatirawo amaphatikiza ngodya kukhala maonekedwe. Kutsogolo kwake kuli ena amene amadzuka akaona nkhope. Mukatsika basi mu depoti ya Lilongwe, anthu ali piringupiringu, n'kumuona mlongo wanu patali sekondi isanakwane, ndi makwerero amenewa agwira ntchito. Palibe nyuroni yachita zazikulu. Iliyonse yachita kake, n'kupatsira inzake.

Ma AI amene dziko likuwagomera lerowa anakopera pomwepa. Mapulogalamu ozindikira zithunzi amamangidwa m'magawo osanjikizana, motsanzira zimene Hubel ndi Wiesel anapeza, ndipo mu 2024 John Hopfield ndi Geoffrey Hinton analandira Nobel ya fizikisi chifukwa cha manetiweki a manyuroni ochita kupanga. Makinawo amafuna nyumba zodzaza makompyuta ndi magetsi ankhaninkhani. Inu, mawati 20. Chotsanzira tikuchiombera m'manja, chenichenicho tikuchitcha chouma.

Mwina mukuti zimenezo n'za nkhono ndi amphaka, ine ndakula, m'mera mpoyamba. Tiyeni ku London. Kuti munthu apatsidwe laisensi yoyendetsa takisi yakuda ya mumzindawo, ayenera kuloweza misewu pafupifupi 25,000 yozungulira Charing Cross, makilomita pafupifupi 10 mbali zonse, pamodzi ndi mahotela, zipatala, makhoti ndi masiteshoni. Mayesowo amawatcha The Knowledge. Amatenga zaka zitatu kapena zinayi, munthu akuzungulira pa kanjinga kamoto, mapu ali pa handulo, mvula ikumunyowetsa. Tsiku la mayeso woyesa amangotchula malo awiri, iwe unene pakamwa njira yachidule, msewu ndi msewu, kumanzere ndi kumanja, mapu palibe. Mu 2000 Eleanor Maguire wa ku University College London anajambula ubongo wa madalaivalawa ndi makina a MRI. Anapeza kuti mbali yakumbuyo ya hippocampus, chigawo chothandiza kusunga mapu ndi zikumbukiro, inali yaikulu kuposa ya anthu ena, ndipo mwa amene anayendetsa zaka zambiri inali yokulirapo.

Otsutsa anati mwina anabadwa choncho, n'chifukwa chake anasankha ntchitoyo. Funso labwino. Maguire anawayerekeza ndi madalaivala a mabasi, amene nawonso amaswera mumsewu koma njira yomweyomweyo. A mabasi analibe kukulako. Kenako iye ndi Katherine Woollett anatsatira ophunzira 79 kuyambira pachiyambi. Pachiyambipo ubongo wawo sunkasiyana. Patapita zaka, 39 anakhoza, ndipo mwa iwowo hippocampus inali itakula. Mwa amene analephera kapena kusiyira panjira sinasinthe. Zotsatirazi zinatuluka mu 2011. Amenewa sanali ana. Anali abambo a ndevu zawo. Mtengo wake unalipo: pa mayeso ena okumbukira zithunzi zachilendo akatswiri a misewuwa ankatsalira. Ubongo umapatsa malo chimene mwauumiriza. Ndiye sankhani bwino choumiriza.

Ine ndikamaona wa kabaza wa ku Ndirande kapena ku Mtandire, amene amadziwa kanjira kalikonse kopanda dzina, kopanda chikwangwani, amene mukangoti "kuseri kwa chigayo, pa geti yobiriwira" iye wanyamuka kale, sindivomera akamati sukulu inamukana chifukwa cha mutu. Mapu amenewo anawamanga ndi chiwalo chomwecho. N'chimodzimodzi kondakitala wobweza chenje cha anthu onse minibasi ikuthamanga, osaiwala wa kumbuyo amene anapereka K5,000. N'chimodzimodzi agogo a pa bawo, amene amaona kumene njere zikathere asanagwire n'komwe. Mutu ulipo. Unangopatsidwa silabasi ina.

Tsono kulakwitsa. Timakuopa. Timaopa kusekedwa. Koma netiweki imadziwa bwanji pofunika kukonza? M'zaka za m'ma 1990, ku Switzerland, Wolfram Schultz ankamvetsera manyuroni otulutsa timankhwala totchedwa dopamini mwa anyani. Nyani akalandira kadontho ka juwisi mosayembekezera, manyuroniwo amathetheka kwambiri. Akaphunzira kuti nyali ikayaka juwisi akubwera, amathetheka pa nyali, pa juwisipo osatekeseka. Nyali ikayaka juwisi osabwera, amangoti zii pa nthawi yeniyeni imene amamuyembekezera. Manyuroniwa amayeza kusiyana kwa zimene unayembekezera ndi zimene wapeza. Kusiyanako ndiko kumaphunzitsa. Zonse zikayenda monga unkadziwira kale, ubongo ulibe chatsopano cholemba.

Ndiye musamangobwereza notsi kasanu maso akungotsetsereka. Tsekani kope. Dzifunseni. Lembani zimene mukukumbukira. Mulakwitse. Tsegulani muone pomwe mwaphonya. Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke anaziyesa pa ophunzira mu 2006. Patapita sabata, amene ankadziyesa anakumbukira zambiri kuposa amene ankangowerenga mobwereza, chonsecho owerenga mobwerezawo ndi amene ankadzimva kuti azigwira.

Mmene mukumvera si sikelo yodalirika. Mu 1953, ku America, Henry Molaison, wa zaka 27, anachitidwa opaleshoni chifukwa cha khunyu. Madokotala anachotsa gawo lalikulu la hippocampus mbali zonse ziwiri. Khunyu linachepa, koma kuyambira pamenepo sankathanso kusunga zochitika zatsopano. Brenda Milner, amene anamufufuza zaka zambiri, ankachita kudzidziwitsa ulendo uliwonse. Tsiku lina anamupatsa ntchito: atsate ndi pensulo mizere ya nyenyezi yojambulidwa papepala, akuona dzanja lake pagalasi pokha. Kayeseni, muona dzanja likukana. Tsiku loyamba anaphonya kwambiri. Lachiwiri anachepetsa. Lachitatu ankatsata bwinobwino, koma osakumbukira kuti anachitapo. Manetiweki ena, a luso la manja, ankaphunzira mwini wake osadziwa. Inu amene mukuphunzira utelala, kuwotcherera, gitala, kutayipa: tsiku limene mukuona ngati simukusuntha, musaweruze msanga. Sungani nsalu yoyamba imene munasoka. Mudzaiike pambali pa ya mwezi wamawa.

Kenako mugone. Kugona si ulesi. Mu hippocampus muli manyuroni a malo, amene John O'Keefe anatulukira mu 1971. Iliyonse imathetheka khoswe akafika pamalo ake. Mu 1994, ku Arizona, Matthew Wilson ndi Bruce McNaughton anapeza kuti khoswe akagona, manyuroni amene anathetheka limodzi akuyendayenda amathethekanso limodzi. Ubongo umabwereza phunziro mwini wake ali mkonono. Imeneyo ndi shifiti ya usiku, yaulere. Bandulo ya usiku ndi yotchipa, inde, koma 1 koloko ikakupezani pa TikTok mukulipira ndi zimene munaphunzira masana.

Tisanamizane, zopinga zilipo. Njala imapweteka ubongo wa mwana. Kusowa ayodini kumaupweteka. Malungo a mu ubongo amautupitsa, monga anaonetsera ofufuza a ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre ndi makina a MRI mu 2015, ndipo ana ena opulumuka amatsala ndi khunyu kapena vuto la kuphunzira. Choncho neti, mchere wa ayodini ndi phala la m'mawa ndi ntchito ya ubongo nayonso, tiigwire. Ndipo sikuti tonse tidzakhala a Cajal. Koma taonani wodwala sitiroko akuphunziranso kugwira supuni, lero yagwa, mawa yagwa, mwezi wamawa yafika pakamwa, manyuroni otsala akutenga ntchito ya amene anafa. Ngati ubongo wovulala ukumanga, wanuwo ukudikira chiyani?

Umboni wina uli pamaso panu. Mukuwerenga. Anthu anayamba kulemba zaka pafupifupi 5,000 zapitazo, posachedwa kwambiri moti palibe mwana amabadwa ndi chigawo cha kuwerenga. Aliyense amachita kumanga. Munakhala pansi pa mtengo kapena pa simenti yozizira, mukuimba a e i o u, mukulemba padothi ndi chala, ndipo manyuroni a kumanzere kwa ubongo, cha kumunsi kumbuyo, amene ntchito yawo inali kuzindikira zinthu ndi nkhope, anaphunzira zilembo. Lero simungayang'ane chikwangwani osachiwerenga. Yesani. Simungathe. Munalumikiza kale mawaya atsopano kamodzi, muli ndi zaka 6 kapena 7, intaneti mulibe, mwina ndi nsapato zomwe.

Ndipo khomo limenelo silitsekeka ndi imvi. Mu 2010 Stanislas Dehaene wa ku France ndi anzake anayeza magulu atatu ku Brazil ndi ku Portugal: osadziwa kuwerenga, amene anaphunzira ali ana, ndi amene anaphunzira atakula. Mwa amene anaphunzira atakula chigawo chomwecho chinkadzuka chikaona zilembo, ndipo mwa owerenga bwino chinkadzuka kwambiri. Sukulu ya kwacha ikumanga zenizeni m'mitu ya anthu.

Ndiye amayi aja amakupatsani foni kuti muwawerengere meseji ya ndalama, afunseni ngati akufuna aziiwerenga okha, muyambe nawo madzulo ano ndi zilembo za dzina lawo. Achimwene aja akuti laisensi sangaikhoze, akhazikeni pansi ndi zikwangwani zisanu za pamsewu, mawa muwafunse zomwezo musanawonjezere zisanu zina. Ndipo inu, kosi ija munalembetsa n'kuisiyira pa phunziro lachitatu ikadalipo m'foni. Tsegulani lachinayi. Ikani alamu ya mphindi 30. Yambani madzi a nsima asanawire.